Mabotolo a pa Khomo la Nambala 9

Ntchito yathu inali yolowa m'nyumba za anthu ndi kuyang'ana malo amene eni ake sayang'ana: kuseri kwa kabati, kunsi kwa bedi, m'misoko ya matiresi. Tinkafufuza makoswe, mphemvu ndi nsikidzi. Ndinaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo pa zaka zonsezo amene anandilandira ndi nkhope yowala anali munthu mmodzi yekha, mayi a pa nambala 9.

Tinkayenda awiriawiri. Mnzanga anali mayi wina wamsinkhu wapakati amene ofesi yonse inkawatchula kuti a Tochi, chifukwa ankaunika ngakhale m'chipinda choyaka getsi. Iwo ankanditchula kuti Madala. Ine ndinkanyamula fomu, iwo tochi ndi foni ya ku ofesi. Fomuyo inali ndi mafunso khumi ndi awiri, lililonse loyankha kuti eya kapena ayi. Kale munthu unkaona, kuganiza, kenako n'kulemba. Koma chaka chimene ndikunenachi kunabwera lamulo loti chilichonse chopezeka m'nyumba chizijambulidwa, ndipo chithunzi chikangojambulidwa chinkapita chokha ku kompyuta ya abwana. Ma eya akakwana atatu tinkamata pepala lofiira pachitseko, n'kudzabweranso patatha milungu itatu. Nyumba ikalephera kachiwiri inkatsekedwa, wokhalamo n'kutuluka. Ikakhoza, tinkamata pepala lobiriwira.

Lamulo lina linali loti tizichenjeza anthu kutatsala masiku awiri. Choncho kulikonse kumene tinkapita tinkapeza pansi ponyowa.

Mdadada umene munkakhala mayi a pa nambala 9 unali wa zipinda khumi za lendi, denga limodzi, mpopi umodzi, zimbudzi ziwiri kumapeto. Tinapitako chifukwa cha kalata yochokera kuchipatala. Bambo a pa nambala 9 anali m'wodi mwezi wachiwiri. Anali ndi matenda a shuga, mapazi awo anachita dzanzi kalekale, ndipo m'mawa wina anadzuka n'kupeza magazi pansalu ya pabedi. Khoswe anali atawaluma chala chakuphazi iwo osamva. Chilonda chinakana kupola, madokotala n'kudula zala ziwiri. Tsopano anali atapezako bwino, koma a chipatala analemba kuti sawatulutsa asanaone pepala lobiriwira lochokera kwa ife. Poti denga linali limodzi, abwana anati tiyendere mdadada wonse.

Eni nyumba anatichingamira pachipata, makiyi ali mulu m'manja.

"Takulandirani, mabwana. Kuno kumakhala anthu aukhondo, muona nokha. Khomo lovuta ndi limodzi basi, koma sindilitchula, mungati ndikuneneza munthu."

"Ndiye musalitchule, bambo," anatero a Tochi.

Tinayamba ndi nambala 1. Fungo la mankhwala opopera linali lotsamwitsa. Pa nambala 4 panali wosoka nsapato, amene anatiyang'ana ngati tamutukwana.

"Makoswe? Muno? Pokhapokha ngati mwabwera nawo m'chikwamamo, akuluakulu."

Pa nambala 6 kabati inaima pakona yosayenera, yotchinga theka la zenera. Ndinaona mzere wakuda wamafutamafuta m'munsi mwa khoma, umene makoswe amasiya akamadutsa njira imodzi masiku onse. Ndinauona m'zipinda zonse zisanu ndi zitatu. Fomu sinkafunsa za mizere. Inkafunsa ngati ndowe za makoswe zaoneka, ngati chibowo chaoneka, ngati mphemvu zamoyo kapena zakufa zaoneka. Palibe chinaoneka. Tinamata mapepala obiriwira asanu ndi atatu.

Mayi a pa nambala 9 anali ataima pakhomo atavala epuloni yosita. Anali a zaka za m'ma sikisite, ochepa thupi, magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi.

"Mwafika," anatero. "Ndakudikirani miyezi iwiri. Lowani, bambo. Lowani, mayi. Nsapato musavule."

Sindinalowepo m'chipinda chosamalidwa ngati chimenecho. Ufa ndi shuga zinali m'ndowa zovundikira, pamwamba atasanjika njerwa. Mapoto anali pamisomali. Miyendo ya bedi inaima m'zitini. Koma pansi panali pouma, ndipo patebulo, pansalu yoyera, panali mabotolo oikidwa pamzere, lililonse ndi kapepala kolemba tsiku.

"Ndinagwira ntchito ku labotale zaka makumi awiri," anatero. "Yotsuka mabotolo, osati zazikulu ayi. Koma ndinaphunzirako chinthu chimodzi: anthu ophunzira sakhulupirira pakamwa. Amafuna sampulo yolembedwa tsiku. Ndiye nazi."

Anatisonyeza limodzilimodzi. M'mabotolo asanu ndi atatu munali ndowe za makoswe zimene ankasesa m'mawa uliwonse, botolo limodzi mlungu umodzi. Lina munali mphemvu. Lina munali michira isanu ya makoswe amene anawagwira pamsampha, yoviika mu sipiriti. Kenako anatitengera pakona ya khoma logawana ndi nambala 10. Panali chibowo cholowa nkhonya ya mwana, ndipo iwo anali atachizunguliza ndi choko.

"Ndimatseka ndi simenti, amaboola pena. Ichi ndachisiya dala. Pakona pano sindinasesepo masiku atatu, kuti muone mmene zimakhalira. Onse amachokera uko."

Ndinagwada n'kusuzumira. Mpweya wochokera m'chibowomo unali wa chakudya cha nkhuku chovunda ndi mkodzo wa makoswe.

"Muli chiyani m'nambala 10?"

"Matumba a eni nyumba. Amagulitsa chakudya cha nkhuku. Chitseko chili ndi maloko awiri."

Apa ndiyenera kunena cholakwa changa. Zaka zonsezo anthu ankandibisira zinthu, ndipo tsiku limeneli munthu anali atandigwirira theka la ntchito, mwaukhondo, masiku ali m'malo mwake. Ndinakondwa ngati mphunzitsi amene wapeza kope lolembedwa bwino. Ndinanyamula botolo la mlungu woyamba ndi la mlungu wachisanu ndi chitatu n'kuwayerekeza pazenera.

"A Tochi, jambulani izi. Zonse. Chibowonso."

A Tochi anandiyang'ana pang'ono, koma ine ndinali wamkulu pantchito. Anajambula.

Ndinakhala pampando n'kutsegula fomu. Funso lachitatu: kodi ndowe za makoswe zaoneka m'chipinda? Lachinayi: kodi pali chibowo kapena una? Lachisanu ndi chiwiri: kodi mphemvu zamoyo kapena zakufa zaoneka? Cholembera chinaima m'mwamba.

"Zithunzi zapita kale, Madala," anatero a Tochi motsitsa mawu, akundionetsa foni.

Ndinayesa kufotokoza. Mayi aja anamvetsera mutu utapendekeka, ngati munthu amene akumva chinenero chimene anachiphunzirapo kale koma anaiwala.

"Sindikumva bwino, bambo. Zimenezi ndasunga kuti muone kumene akuchokera."

"Ndaona, mayi. Koma fomu sifunsa kumene achokera. Ikufunsa ngati zapezeka m'chipinda chino."

"Zili m'mabotolo."

"Mabotolowo ali m'chipinda chino."

"Ndiye tsegulani nambala 10."

"Si nyumba yogonamo," anayankha a Tochi. "Ndi malo a malonda. Amayendera ndi a nthambi ina. Ife tikakhudza loko uja, mlandu ndi wathu."

Mayi aja anavula magalasi, kuwapukuta ndi epuloni, n'kuwavalanso.

"A pa nambala 6 akhoza?"

"Akhoza."

"Dzulo ndimawathandiza ine kukokera kabati pachibowo chawo. Msana ukundipwetekabe."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Ndiye amuna anga?"

"Tidzabweranso pakatha milungu itatu."

"Milungu itatu," anabwereza. Sanakweze mawu. Anatenga botolo limene ndinalisiya pazenera n'kulibwezera pamalo pake pamzere.

Pepala lofiira ndinamata ndine. Anthu anali atatuluka m'zipinda zawo, ataima pampopi ngati akudikira madzi. Wosoka nsapato analankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Aukhondo aja ndi amenewa? Amatiuza ife kuti tizivundikira ndowa."

"Ndiye kusunga manyi a khoswe m'botolo ngati ndiwo," anatero mayi a pa nambala 6.

Eni nyumba anayandikira n'kuwerenga pepalalo pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

"Likabwera lachiwiri ndiye kuti atuluka, eti mabwana? Ndikungofunsa, kuti ndidziwe malamulo."

Masana omwewo ndinalowa mu ofesi ya abwana. Anali munthu wosakwiya, ndipo zimenezo zinkapangitsa kuti kukangana nawo kukhale kovuta. Anatsegula zithunzi pa kompyuta.

"Madala, pachithunzi apa pali ndowe za khoswe kapena palibe?"

"Zilipo, bwana, koma zili m'botolo. Mayiwo anazisonkhanitsa ngati umboni."

"Fomu ili ndi funso la botolo?"

"Ilibe."

"Nanga ichi si chibowo? Mpaka achizunguliza ndi choko kuti tisachiphonye. Ine ndikasintha apa, a kulikulu akadzaona zithunzi izi pambali pa pepala lobiriwira, adzati tinalandira kenakake. Mukufuna mupume pantchito ndi dzina limenelo?"

"Amuna awo ali m'chipatala."

"Ndiye ali pabwino. Kuchipatala kulibe makoswe." Anaganiza pang'ono. "Kapena tinene kuti si ife timayenderako."

Ndinalemba kalata ku nthambi yoyendera malo a malonda. Anayankha kuti galimoto yawo ili kwa makaniko. Itabwera, nawonso anatsata lamulo lawo, anachenjeza eni nyumba kutatsala masiku awiri. Anapeza nambala 10 ili mbee, pansi ponyowa. Matumba anagona pa lole tsiku limodzi, n'kubwerera mawa lake. Lipoti lawo linafika patebulo langa ndi chidindo chooneka bwino.

Mlungu wachiwiri mayi aja anabwera ku ofesi. Ndinawapeza atakhala pabenchi ya m'khonde, chikwama pamiyendo. Anali akuchokera kuchipatala.

"Ndabwera kudzafunsa kuti ndiwonjezere chiyani," anatero. "Ndayamba kulemba ndi nthawi yomwe. Ndagwiranso ena awiri."

"Bambo ali bwanji?"

"Akufunsa tsiku lililonse. Anapinda kale zovala zawo, zili m'jumbo pansi pa pilo. Ndinawauza kuti eni nyumba akupenta, penti sinaume. Dzulo anandifunsa kuti ndi penti yanji yosauma milungu iwiri. Chakudya ayamba kubweza. Amene anagona nawo pafupi onse anatuluka, ena kupita kwawo, ena kwinako. Akuti iwo sakufuna kutulukira khomo lakumbuyo."

Ndinawatengera panja, kuseri kwa masitepe, kumene kulibe mazenera a maofesi.

"Mayi, mabotolo aja katayeni. Onse. Chibowo mutseke ndi chilichonse, ngakhale nyuzipepala, muikepo kabati. Tsiku limene tikubwera mukolope m'mawa, mupopere mankhwala. Tikafunsa, muziti kulibe. Musationetse kanthu, musatiuze kanthu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Makoswewo achoka?"

"Sachoka."

"Ndiye mukundiphunzitsa kunama, bambo."

"Ndikukuphunzitsani fomu."

"Inu munapita kusukulu kukaphunzira zimenezi?"

"Zaka zitatu."

Anagwedeza mutu pang'ono, osati mokana kapena movomera. Anatsegula chikwama, n'kutulutsa kabotolo kakang'ono kokulunga m'pepala, kamene anabwera nako kuti andipatse. Anakayang'ana, kenako anakaponya m'bini ya pamasitepe. Anatsanzika mwaulemu wonse n'kumapita.

Milungu itatu itakwana tinabwerera, ine ndi a Tochi. Eni nyumba anali pachipata ndi makiyi awo. Anatiperekeza mpaka pakhomo la nambala 9 n'kuima pomwepo.

"Ife tilowa tokha, bambo," anatero a Tochi. "Kapena mukufuna titsegule nambala 10 yanu ija, tione ngati pansi pauma?"

Anabwerera kumpopi.

M'chipindamo munali fungo la mankhwala, lofanana ndi la zipinda zina zonse. Pansi panali ponyowa. Patebulo panalibe kanthu, ngakhale nsalu. Kabati inali pakona ya khoma la nambala 10, ndipo m'mbali mwake munkaoneka kachidutswa ka mzere wa choko kamene sanathe kufufuta. Mayi aja anaima pafupi ndi chitseko, manja kumbuyo, ngati mwana wasukulu woitanidwa ku ofesi. Epuloni sanavale.

"Makoswe mumawaona, mayi?"

"Kulibe."

"Mphemvu?"

"Kulibe."

"Chibowo chilichonse?"

"Kulibe, bambo."

Sanandiyang'ane. Ankayang'ana fomu.

Ndili mkati molemba, kudenga kunamveka mapazi. Anathamanga kuchokera mbali ya nambala 10, kudutsa pamwamba pa bedi, n'kukaima pamwamba pathu. Sanali mmodzi. Fumbi linagwera pa fomu, pafunso lachisanu ndi chimodzi. Tonse atatu tinamva. A Tochi anaunika kunsi kwa bedi, kumene ankadziwa kuti kulibe kanthu, ndipo anakhalitsa kumeneko.

Zinali m'manja mwanga. Ndikanatha kukankha kabati ija ndi dzanja limodzi. Pepala likanakhala lofiira, chipinda chikanatsekedwa, mayiwo akanatuluka ndi ndowa zawo, ndipo bambo aja akanakhalabe m'wodi ndi jumbo yawo pansi pa pilo, opanda nyumba yobwererako. Kapena ndikanasiya kabati pamalo pake, n'kutumiza munthu wa mapazi osamva kuti adzagone pansi pa denga limeneli. Kusukulu anatiphunzitsa mitundu ya makoswe ndi matenda amene amafalitsa. Izi sanatiphunzitse.

Ndinapemerera fumbi lija, n'kulemba ayi kakhumi ndi kawiri. A Tochi anajambula pansi ponyowa, tebulo lopanda kanthu, ndi kabati kuchokera mbali imene choko sichinkaoneka. Ndinamatula pepala lofiira n'kumata lobiriwira. Lina ndinasaina loti apite nalo kuchipatala.

Mayi aja analilandira ndi manja awiri, kulipinda kanayi, n'kuliika m'chikwama. Sanathokoze, ndipo ndinaona kuti anachita bwino.

"Mwamaliza ntchito ya boma?" anafunsa.

"Tamaliza."

"Foni ija yalowa m'thumba?"

"Ndikakhala panja, Madala," anatero a Tochi. "Ndikufuna ndiwafunse eni nyumba mtengo wa chakudya cha nkhuku. Zitenga nthawi."

Atatuluka, mayi aja anatseka chitseko. Anakoka nsalu yotchinga zovala pakona, n'kutulutsa chinthu chopangidwa ndi waya wa khola la nkhuku. Chinali ngati bokosi lalitali mkono umodzi, lotseguka mbali imodzi, mafelemu ake a timatabwa ta kireti. Kukamwa kwake anasokererako nsalu yokhuthala yokhala ndi chingwe chokoka. Zala zawo zinali ndi mabala ang'onoang'ono, ena atsopano.

"Ndi la mapazi," anatero. "Akagona, ndiziwalowetsa muno, n'kumanga chingwechi m'maondo. Inu mumawadziwa makoswe. Ndiuzeni zoona, osati za fomu. Alowa?"

Ndinalitembenuza. Linali lolimba, mfundo iliyonse yopindidwa bwino. Ndinalowetsa chala chachikulu pa diso limodzi la waya, ndipo chinalowa mpaka m'tsinde.

"Wamkulu salowa. Koma mwana wa khoswe amadutsa paliponse pamene chala ichi chadutsa. Mukulunge waya kawiri, maso asayang'anizane."

"Wotsala ulipo."

Anautulutsa kunsi kwa matiresi. Ndinavula jekete, ndipo tinagwada pansi ponyowapo, ine kugwira, iwo kupinda ndi kumanga. Kudenga anathamanganso kawiri, ife osayang'ana. Titamaliza ndinayesa maso onse ndi chala, ndipo panalibe pamene chinalowa.

"Mumavala saizi yanji, bambo?"

"Naini."

"Ndi yawo yomweyo. Pepani, ndikuvutitsani. Vulani nsapato ndi masokosi, mugone apo."

Ndinachita manyazi, chifukwa sokosi imodzi inali yobooka. Koma ndinavula, n'kugona chagada pabedi la munthu amene sindinamuonepo. Anakweza mapazi anga mosamala, mmene ayenera kuti ankakwezera a amuna awo, n'kuwalowetsa m'kholamo. Anakoka chingwe n'kumanga pansi pa maondo. Waya unali wozizira. Pamwamba panga, pa siling'i, panali banga lachikasu lalikulu ngati mbale.

"Likukwana?"

"Likukwana, mayi."

"Tatembenukani, ngati muli m'tulo."

Ndinatembenukira kukhoma. Kena kake kanandilasa pachidendene, ndipo ndinakoka mwendo.

"Pati?"

"Pachidendene chakumanzere. Pali kansonga ka waya."

Analowetsa dzanja, kukapeza, n'kukapinda ndi chikhadabo mpaka kanagona.

"Tembenukaninso, mbali inayo. Musafulumire. Paliponse pamene pakulasa mundiuze, bambo, ngakhale pang'ono pokha. Iwo sadzandiuza."